Kutsatira Mtsinje wa Bua Mpaka Kunyanja

Mvula ikagwa m'minda ya ku Kasiya, madzi ake sakhalitsa. Amatsikira m'madambo, n'kulowa m'timitsinje tomwe timathira mu Bua. Mtsinje wa Bua umachokera ku Mchinji, umalandira madzi a Namitete ndi a Rusa, umadutsa pansi pa msewu wa M1 pakati pa Madisi ndi Kasungu, kenaka umatsetsereka m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi. Chaka ndi chaka madzi a kwathu amakafika kunyanja, pomwe eni minda ambiri amakalamba osaionako.

Si kuti ife akumudzi sitiyenda. Timayenda ndithu, koma maulendo athu ambiri ndi a mavuto: ku maliro, kukadikirira wodwala ku Kabudula kapena ku Namitete, kukasaka feteleza ku Nsaru, kukaperekeza mwana kusukulu. Kupatula sabata ya misasa, banja lonse silichokera limodzi pakhomo. Mawu akuti tchuthi timawasiyira ana asukulu ndi anthu apantchito m'tauni.

Pa masiku a zaumoyo, pomwe timayeza anthu kuthamanga kwa magazi, ndimakonda kufunsa kuti, “Kodi munapumako liti masiku atatu otsatizana musakudwala?” Ambiri amangoseka. Tikamaliza kukolola timalowa kudimba, tikachoka kudimba ndi kusosa, kenaka mizere, kubzala, kupalira, kubandira, mpaka kukololanso. Khasu limapumako likaguluka, koma mwini wake ayi. Kupuma sikulowa m'malo mwa mankhwala akuchipatala, komabe thupi losapuma limagona movutika, mtima umakhala m'mwamba, ndipo pakhomo mawu amayamba kuuma.

N'chifukwa chake zaka ziwiri zapitazo mabanja atatu tinapangana zoti tikaone kumene Bua amathera. Tinagwirizana kuti ndalama ya feteleza ndi ya fizi isakhudzidwe. Banja lililonse linapatula thumba limodzi la mtedza pa nthawi yokolola, n'kuwonjezerapo kaphindu ka ku banki m'khonde. Pang'onopang'ono ndi mtolo: pofika Ogasiti, sukulu zitatsekera, ndalama yochitira hayala minibasi inali itakwana. Kamba tinakonza tokha. Tinaphika mbatata, tinakazinga mtedza, tinaphika zigumu, n'kutenganso ufa, nyemba, mapoto ndi zigubu za thobwa. Tinasankha kunyamuka Sande m'mawa n'kubwerera Lachitatu, kuti tsiku lokonzekera litipeze tili pakhomo.

Amene anavuta anali apongozi anga. “Mtedza wabwinobwino mukauthere kuona madzi? Kodi pachitsime paphwa?” Bambo a kunyumba anawayankha mofatsa kuti, “Amayi, tiyeni mukaone nokha, mukatiuze ngati ndi madzi omwewo.” Anavomera monyinyirika, atapeza kaye mnyamata wowasungira nkhuku ndi mbuzi.

Tinadzera njira ya ku Santhe, tinatulukira pa Chinkhoma pomwe pali okushoni ya fodya, n'kukafika pa boma la Kasungu dzuwa lisanatenthe. Kuchoka apo tinakhotera kum'mawa, kudutsa pa Malomo, mpaka pachipata cha nkhalango ya Nkhotakota. Nkhalangoyi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo msewu wa anthu onse umadutsa m'kati mwake. Kuyambira 2015 boma limaiyendetsa mothandizana ndi bungwe la African Parks. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko pa magalimoto kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, chifukwa opha nyama mozemba anali atatsala pang'ono kumaliza zomwe zinalimo kale.

Njovu sitinazione. Tinangoona ndowe zake pamsewu, nthambi zothyoka, ndi anyani atakhala pamiyala. Chomwe chinatidabwitsa kwambiri chinali mitengo. Ana athu anakulira m'dera lomwe ukaima pachulu umaona midzi isanu, ndipo nkhuni zake ndi zitsononkho ndi mapesi. Kumeneko mombo ndi tsamba zangoti gwaa mbali zonse, phiri ndi chigwa chomwe. Apongozi anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anauza adzukulu awo kuti, “Kwathu kunali chonchi ine ndili mtsikana. Bowa tinkazula kuseri kwa nyumba.” Nkhani ya kutha kwa mitengo ana anaiphunzira kale m'kalasi, koma tsiku limenelo anaimva kuchokera kwa agogo awo, nkhalango ili pamaso.

M'mbali mwa msewu muli tinsalu tabuluu ndi takuda tomangidwa pamitengo. Imeneyo ndi misampha ya kashembe, ntchentche yomwe imafalitsa matenda a kaodzera. Kashembe amakopeka ndi mitundu iwiriyo, choncho podutsa m'nkhalangoyi ndi bwino kuvala zoyererako ndi kutseka mawindo. Munthu akalumidwa, kenaka n'kuyamba kutentha thupi kapena kutupa polumidwapo, apite kuchipatala msanga ndipo anene kumene anayenda, chifukwa poyamba matendawa amafanana ndi malungo.

Titatuluka m'nkhalango msewu unayamba kutsika, kukutentha, ndipo minda ya chimanga inasanduka ya chinangwa. Nyanja tinaionera patali ngati mtambo wogwera pansi. Titafika pamchenga, apongozi anavula nsapato, n'kuima pomwe mafunde amathera. Anayang'ana kum'mawa osaona tsidya. “Kodi kutsidyako kuli anthu?” Mdzukulu wawo wa folomu 2 anayankha monyadira kuti, “Alipo agogo, ndi ku Mozambique.” Anawauzanso zomwe anawerenga kusukulu, zoti nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 560, kuti kumpoto kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700, ndiponso kuti ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Agogowo anangogwedeza mutu, n'kuwerama kusamba m'manja. Za chitsime sanazitchulenso.

Tinagona masiku atatu panyumba yogona alendo ya mtengo wotsika, amayi ndi atsikana kwaokha, abambo ndi anyamata kwaokha, tikuphika tokha panja. M'mawa uliwonse tinkalawirira kugombe kukaona dzuwa likutuluka m'madzi, asodzi akukocheza mabwato, amayi akuyanika usipa pathandala, nkhwazi ikulira pamtengo. Kwathu usipa timaudziwa wouma, wa pamulu pamsika. Kumeneko tinaudya wauwisi, wofutsa ndi tomato. Chambo tinachipeza chodula ngakhale pagombe pomwe, moti tinagula zochepa zoti aliyense alaweko. Ogulitsa ankatikakamiza kampango ndi mlamba, koma titawauza kuti ife timadya za mamba zokha anaseka, n'kutiuza kuti a Sabata amawadziwa. Kondowole, nsima ya chinangwa ya kumeneko, inagawanitsa gulu: ana anaikonda, pomwe akuluakulu ankati ikumata m'manja.

Tsiku lachiwiri tinakaona mkuyu wakale womwe uli pafupi ndi chipatala cha St Anne's, pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'chaka cha 1863. Nthawi imeneyo Nkhotakota linali doko lalikulu la malonda a akapolo ndi minyanga. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumtunda ankawolotsedwa pa zombo kupita kutsidya, kenaka n'kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere. Tinaima pamthunzi womwewo n'kukumbukira kuti ena mwa iwo ankalankhula chinenero chathuchi, ndipo nyanja anaiona koyamba ali m'magoli. Ana anasiya phokoso okha, osawauza.

Madzulo ake tinakwera kumpoto pang'ono, pamlatho wa msewu wa M5, kukaona Bua ali pafupi kulowa m'nyanja. Kumeneko madzi ake amathirira minda ya mpunga. Bua ndi umodzinso mwa mitsinje yomwe nsomba ya mpasa imakwera kukaswana, kufunafuna pamiyala poyera. Msodzi wina wachikulire anatiuza kuti mpasa wachepa, ndipo china chomwe anatchula ndi matope ochokera kumtunda omwe amakwirira poikira mazira. Titamuuza kuti kwathu ndi ku Kasiya anati, “Ndiye dothi lanu lili kuno, bwerani mudzatenge.” Tinaseka, koma mawuwo anatilowa. Munthu akalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, n'kudula mitengo ndi bango, nthaka yomwe amataya imakasowetsa ndiwo mnzake yemwe sanamuonepo. Titabwerera, bambo a kunyumba anabzala nsenjere ndi nthochi kumunsi kwa dimba lathu.

Kunyanja n'kokoma, koma phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Choyamba ndi likodzo. Tinyongolotsi take timakhala m'nkhono za m'madzi odekha, momwe muli bango ndi udzu, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba kapena kuchapa. Sambani pamchenga poyera pomwe mafunde akumenya, ngakhale kuti pamenepo sipotetezekeratu. Pakatha miyezi iwiri mutabwerako, pitani kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amaperekedwa m'sukulu, ndipo amamwedwa munthu atadya. Osadikira kuona magazi mumkodzo, pakuti ambiri amakhala nalo osadziwa.

Chachiwiri ndi udzudzu. Kugombe n'kotentha ndipo malungo sakata nyengo, choncho aliyense atenge neti yake. Chachitatu ndi madzi akumwa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Wiritsani madzi kapena thiranimo klorini, ndipo sopo asachoke m'chikwama. Chachinayi ndi nyanja yeniyeniyo. M'miyezi yozizira kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imautsa mafunde mwadzidzidzi. Ife akumtunda sitidziwa kusambira, choncho ana asapitirire m'mawondo, ndipo wamkulu mmodzi akhale pamtunda ntchito yake kuwayang'anira basi. Musakwere boti lopanda majekete oyandamitsa. Kumathiriro a mitsinje ndi m'mabango mumakhala ng'ona ndi mvuu. Funsani eni dera malo osambira, paja safunsa anadya phula. Odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi atenge mankhwala okwanira masiku onse, komanso kabuku kakuchipatala.

Pobwerera tinatsata msewu wa M5 kulowera kummwera. Tinaima pamlatho wa Chia kugula nsomba zouma zokagawira anansi, tinadutsa pa Benga, n'kukhotera ku Lilongwe tisanalowe m'tauni ya Salima. Pokwera zitunda kuchoka kuchigwa, m'minibasi munabuka mkangano wa ulendo wotsatira. Anyamata akufuna phiri la Mulanje, akakwere Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Bambo a kunyumba mtima uli ku mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Zambia. Akuti njira akuidziwa kale: kutulukira pa Mchinji, Chipata, Lusaka, mpaka Livingstone, kungoti pakufunika ziphaso ndi matumba a mtedza ochulukirapo.

Langa ine loto ndi sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba. Ndimafuna nditagona usiku umodzi pamwamba pake, kukacha n'kutsikira pa Likoma, chilumba cha Malawi chozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Ndikufuna kukaona milambe yake ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe anayamba kumanga mu 1903, ndi kumva mmene anthu amakhalira pamalo pomwe sopo, shuga ndi mlendo yemwe zimabwera pamadzi. Apongozi atafunsidwa anati iwo za sitima ayi, koma akabwererenso pamchenga pomwe paja, ulendo uno atenge mng'ono wawo.

Mwina banja lanu silingakwanitse minibasi ya masiku anayi chaka chino. Yambani ndi pafupi. Nkhalango ya Dzalanyama, komwe kumachokera mtsinje wa Lilongwe, ndi damu la Kamuzu ku Malingunde zili m'boma lathu lomwe lino, ndipo mukhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Senga Bay ku Salima ndiye gombe lapafupi kwa ochokera ku Lilongwe. Chofunika n'kukhala pansi nthawi yokolola, ndalama isanabalalike, n'kutchula tsiku, malo, ndi mabanja oti mugawane nawo mtengo wa galimoto. Tchulaninso wosamalira ziweto, chifukwa ambiri amalephera kunyamuka kaamba ka mbuzi.

Polemba mayina a opita, yambani ndi okalamba. Ana ali ndi zaka zambiri kutsogolo, ndipo ena adzafika kutali kuposa Likoma. Koma agogo amene anatilimira minda imeneyi mawondo awo akutha chaka ndi chaka, ndipo dzinja lililonse limatichotsera ena. Ngati pakhomo panu alipo amene nyanja amangoimvera pa wailesi, muwapezere mpando wa pawindo Ogasiti akubwerayu.