Chisanu cha ku Phalombe ndi Mbaula Zathu

Amayi anzanga, mukafuna kudzacheza kwathu kuno ku Phalombe m'mwezi wa June kapena July, musaiwale juzi ndi chitenje chachiwiri. Mukachoka pa Chitakale kudzera ku Likhubula, phiri la Mulanje limakuperekezani kudzanja lamanja ulendo wonse, pamene kumanzere kuli chigwa chachikulu cha minda ya nandolo ndi mpendadzuwa, chimene chimakathera ku nyanja ya Chilwa. Mukafika pa Phalombe mudzaona phiri la Michesi litaima palokha, ndipo pakati pa mapiri awiriwa pali mpata wa Fort Lister. Dera lino lidali mbali ya Mulanje mpaka mu 1998 pamene lidakhala boma palokha.

M'miyezi imeneyi kumabwera chiperoni, mphepo yozizira ya mvula yowaza yochokera ku Mozambique. Mitambo imakuta mapiri masiku angapo, zovala siziuma pachingwe, ndipo ana amapita kusukulu manja ali m'khwapa. Madzulo mukadutsa pa Migowi kapena pa Chiringa mudzaona mbaula zili ngwee pakhomo ndi pakhomo, agogo akuotcha mbatata, adzukulu atawazungulira. Tsono tulo tikabwera, ambiri amanyamula mbaula ija kulowa nayo m'nyumba, natseka chitseko, natsekanso mipata ya zenera ndi nsanza. Apa ndiye pagona nkhani yanga.

Anthu a kuno timadziwa zoopsa zobwera ndi mkokomo. Napolo wa mu March 1991 adatsika m'phiri la Michesi napha anthu mazanamazana, ndipo namondwe wa Freddy adatiliritsanso mu 2023. Koma akuluakulu adati chakudza sichiyimba ng'oma. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni umene achipatala amautcha carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha, ndiponso sutsokomoletsa ngati utsi wa nkhuni. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu yoposa ka 200 kuyerekeza ndi mpweya wabwino, kotero kuti thupi limabanika munthu akupuma ndithu. Amene ali maso amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kulefuka kwa miyendo. Amene ali m'tulo samva kanthu, amangopitirira.

Choncho mukaona kuti a m'nyumba mwanu onse adwala mutu nthawi imodzi mbaula ili m'kati, musathamangire kunena kuti ndi malungo kapena kuti wina wakulodzani. Tsekulani chitseko ndi mazenera, tulutsani aliyense panja, ndipo muthamangire nawo kuchipatala, kaya ku Holy Family kaya china chimene muli nacho pafupi, ngakhale aoneke ngati atsitsimuka. Makamaka inu anamkungwi ndi apongozi osamalira mayi wa m'chikuta, khanda lifunditseni ndi kuligoneka pachifuwa cha mayi wake; musaliikire makala pambali.

Lamulo lake n'lapafupi. Otherani moto pakhonde kapena chitseko chili chotsekula, ndipo nthawi yogona ikakwana mbaula itulutsidwe, makala azimitsidwe. Makala ofiira amene asiya kufuka ndiwo amanyenga anthu, pakuti poizoni uja amatulutsabe. Mphasa, bulangete ndi neti ya udzudzu zitalikirane ndi moto mita imodzi kapena kuposa, ndipo matewera asayanikidwe pamwamba pa mbaula. Mwana wokwawa ndi munthu wodwala khunyu asasiyidwe okha pamoto ngakhale kanthawi kokatunga madzi. Wina akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, mukutepo ndi nsalu yoyera, mupite naye kuchipatala. Mazira, mafuta ndi mankhwala otsukira mano zimangoonjezera vuto.

Kwa inu a m'tauni amene mwayamba kuphikira gasi, dziwani kuti fungo lake adaliikamo dala kuti likuchenjezeni. Mukalimva, tsekani pamutu pa silinda, tsekulani zitseko, ndipo musayatse machesi kapena kukhudza switchi ya magetsi. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, amadikha pansi. Chitofu cha gasi n'chophikira, si chofunditsira nyumba usiku. Ana athu amene ali ku Johannesburg, kumene chisanu chimaluma koposa kuno, muwakumbutse zomwezi pa foni, kuti hita ya gasi kapena ya palafini isagone ikuyaka m'chipinda chotseka.

Nkhaniyi muikambe pa msonkhano wa banki m'khonde, pa mjigo ndi kumpingo, abambo a kunyumba aimvenso. Chiperoni sichikhalitsa. Pofika August mitambo imayera, Michesi amaonekanso bwino, ndipo nandolo amayamba kuuma m'minda. Tiyeni tidzakolole tonse, popanda khomo limene lasowa munthu chifukwa cha mbaula.