MPHEPO YA FUMBI KU KANYAMA NDIYO YA MATANGA KU SALIMA

Mwezi wa Ogasiti ukafika, anthu okhala m'makomboni a mu Lusaka sakondwera nayo mphepo. Ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George fumbi limalowa m'nyumba, m'maso ndi m'ndiwo momwe. Amai amatseka mazenera ndi nsanza, ndipo abambo amapsinja malata ndi miyala kuti angauluke. Oikonda ndi ana okha, pakuti ndiyo nyengo youlutsa makaiti.

Koma munthu akakwera basi ndi kutsata mseu wa kum'mawa, naoloka mlatho wa Luangwa, napyola Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata, nadutsa malire pa Mwami, m'mawa mwace angathe kuponda mcenga wa ku Senga Bay m'boma la Salima, m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Kumeneko mphepo ya miyezi yomweyi ili ndi dzina lace, ndiyo mwera, ndipo alipo anthu amene amaiyembekezera monga mlimi ayembekezera mvula.

Ena mwa iwo ndi alendo ocita masewera amene pa Cingerezi amati windsurfing. Munthu amaimirira pa thabwa lopepuka loyandama. Pakati pa thabwalo pali mlongoti wokhala ndi thanga, ndipo mlongotiwo umapendekeka mbali iliyonse. Palibe injini, palibe nkhafi, palibenso ciongolero. Akapendeketsa thanga kutsogolo, thabwa limatembenukira kumene mphepo ipita. Akalipendeketsa kumbuyo, limakhotera kumene mphepo icokera. Wophunzira amagwera m'madzi kosawerengeka asanadziwe kuima.

Amene anachukitsa cipangizoci ndi Jim Drake ndi Hoyle Schweitzer a ku California m'dziko la America, omwe anapempha boma kuti licilembe m'dzina lao m'caka ca 1968. Masewerawa analowa m'mipikisano ya Olympic mu 1984 ku Los Angeles, komwenso Keith Mwila anapatira dziko la Zambia mendulo yace yoyamba pa nkhonya.

Kwa anthu ena masewerawa amasanduka moyo wao wonse. Robby Naish wa ku Hawaii anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi mu 1976 ali ndi zaka 13 zokha, ndipo anali kukwerabe mafunde atapyola zaka 50. Anthu otere akadzuka amayamba ayang'ana masamba a mitengo ndi khungu la madzi, kuti adziwe ngati tsikulo ndi lolowa m'nyanja kapena lokhala pamtunda.

Nzeru imeneyi si yacilendo kwa asodzi a usipa a ku Senga Bay. Iwonso amaiwerenga mphepo kuyambira ali ana, ngakhale kuti iwo amatero pofuna cakudya. Mwera ukakula amakokera mabwato kumtunda ndi kukhala pansi kusoka makoka. Nyanjayi inaonetsa ukali wace mu Julai 1946, pamene sitima ya Vipya inamira ndi namondwe cakumpoto, nifa anthu 145.

Mu Lusaka mulibe nyanja, koma ana a m'makomboni amakonda madzi monga ana ena onse. Dzinja likafika, maenje amene anthu anakumbamo miyala ndi mcenga amadzala, ndipo anyamata amathamangira kukasambamo, monga pa damu la Ngwenya ku Misisi kufupi ndi Chawama. Pansi pa maenjewo pali miyala yakuthwa ndi matope, ndipo mabanja ambiri alira maliro a ana amene analowamo osadziwa kusambira. Ku Kanyama akulu akumbukirabe cigumula ca 1978, pamene madzi anagwetsa nyumba zambiri.

Wokwera thabwa la thanga saloledwa kupita pakuya asanaphunzire kusambira, ndipo wophunzira amabvala cobvala coyandamitsa, wina ali kumuyang'anira. Lamulo lomweli liyenera kugwira nchito pa damu la m'mudzi ndi pa mtsinje wa Luangwa. Makolo, mwana wokonda madzi musangomuletsa ndi mkwapulo, cifukwa adzapita mobisa. Mupezereni wamkulu wodziwa kusambira amuphunzitse pamalo osaya, ndipo asalowe m'madzi ali yekha.