Laputopu yakale siinafe, yangosowa womasulira

Ambiri mwa ife timagula malaputopu akaunjika, chifukwa ndi amene ngongole ya sukulu imakwanitsa. Ikangoyamba kuvuta, timathamangira kunena kuti yafa. Ine ndikuti nthawi zambiri imakhala yangosowa womasulira.

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Chikwawa, m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh, kujambula mawu a asodzi achikulire pa kafukufuku wanga. Ankandifotokozera m'Chimang'anja ndi m'Chisena mmene madzi a Shire asinthira chidutsireni namondwe Freddy mu 2023. Nditangoikanso Windows, laputopu inasiya kuona Wi-Fi, ndipo mawu anazimiratu. Nkhani zonse za agogo aja zinali mommo, koma sindikanatha kuzimvetsera kapena kuzitumiza kwa aphunzitsi anga. Wokonza makompyuta amene ndimamudalira ali ku Blantyre, ndipo ya thiransipoti ndinalibe.

Nditatsegula Device Manager, ndinapeza tizizindikiro tachikasu pa zida ziwiri. Kachizindikiro kameneka kamatanthauza kuti kompyuta yachiona chidacho, koma palibe driver woyenera, kapulogalamu kamene kamachititsa kuti chidacho ndi Windows zimvane. Mukalowa pa Properties, kenako Details, mupeza Hardware Ids. Mukaona VEN_8086, chidacho n'cha Intel. VEN_10EC n'cha Realtek. Nambala yotsatira DEV ndiyo imakuuzani mtundu wake weniweni.

Intaneti ndinaitenga pa foni kudzera pa chingwe cha USB, n'kutsitsa madriver pa tsamba la kampani yopanga laputopuyo. Wa Wi-Fi anagwira pompo. Wa mawu ankalimbana ndi wina amene analowa yekha, choncho ndinachotsa onse awiri, n'kuzimitsa, n'kuyatsanso, kenako n'kuika mmodzi yekha. Langizo langa n'lakuti muziika mmodzimmodzi, kuti zikasokonekera mudziwe wolakwa.

Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 inatsatira mu Okutobala 2025. Makina athu azingokalambirakalambira, pamene atsopano sitiwakwanitsa. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga onena kuti zoterezi n'za ana a sayansi okha. Kufufuza driver n'kuwerenga basi: kuona chizindikiro, kufunsa tanthauzo lake, kuyesa yankho. Ngati m'kalasi timatha kumasulira ndakatulo za Jack Mapanje, tinambala tinayi sitingatigonjetse.