Buluku la Pamthuthuthu

Buluku limasokedwa poganizira munthu woimirira. Telala aliyense, kuyambira wa pakhonde la sitolo ku Area 2 mpaka wa m'fakitale ku China, amayeza munthu ali chilili ngati msilikali pa pelete. Tsono ife amene tsiku limatithera pa chishalo cha njinga yamoto, mawondo atapindika, msana utawerama, timakhala ngati tabwereka chovala cha munthu wina.

Ntchito yanga ndi yolemba nkhani ndi ndakatulo, yopanda ofesi, yopandanso malipiro a pamwezi. Ndimakhala pa Msundwe. Inu a m'tauni mumaidziwa Msundwe chifukwa cha miyala ya mu 2019, koma ife timaidziwanso ndi msika wake komanso anyamata a kabaza amene adadzaza m'mbali mwa msewu wa M12. Nkhani ndimakazitola pa Lifo yanga ku Mpingu, ku Namitete, ndi m'misewu yafumbi yolowera ku Nsaru ndi Kabudula.

Jinzi wamba pa ulendo wotere ndi chilango. Ukangokhala, kumbuyo imatsetsereka nkusiya chiuno pamtunda, mphepo ya mu June nkumakulowa mpaka kumsana. Kutsogolo lamba amakudya pamimba. Msoko wokhuthala wa pakati uja, umene suumva uli pansi, pa chishalo umasanduka mwala, ndipo bampu iliyonse imakukumbutsa kuti ulipo. Miyendo ya buluku nayo imakwera, akakolo nkukhala pambalambanda. Kumanja kuli ekizozi yotentha ngati mbaula, kumanzere kuli tcheni chodikira nsalu yolendewera. Funsani wa kabaza aliyense akuonetseni katumba wake wakumanja, mukaona chidindo.

Buluku lenileni la panjinga ndidalipeza pa mulu wa kaunjika, wogulitsa akuliyesa la ozimitsa moto. Lakuda, nsalu yake yolimba ngati tenti ya lole, m'mawondo muli timatumba tokhala ndi zotetezera zamphira. Mtengo tidalimbana, poti kaunjika si wa amphawinso ayi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mabelo adakwera, mpaka mavenda adakaguba ku Nyumba ya Malamulo mu February 2025. Komabe ndidagula.

Vuto lidali loti mwini wake woyamba, mzungu wa kwinakwake ku Ulaya, adali chimphona. Ine ndine wamfupi, sindibisa. Zotetezera mawondo zimandifika pa msongolo, miyendo yake nkumasesa pansi.

Ndidapita nalo kwa telala wina wachikulire amene amasokera pakhonde pamsika pathu pano, makina ake a Singer opalasa ndi phazi.

"Madala, mungondidulirako kunsiku," ndidatero.

Adalitembenuza, nalifinya m'mawondo, natsegula zipi ya kumapazi. Kenaka adandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Njingayo mwaisiya kuti, achimwene?"

"Ili apo."

"Ibweretseni pano. Muvale, mukwerepo. Ine sindiyeza munthu wa panjinga ataima."

Ndiye ndidakhala pa chishalo dzuwa likuswa mtengo, manja pa handulo, mapazi m'malo mwake, amayi ogulitsa tomato akuseka, madala aja akundizungulira ndi choko. Adati kunsi sadulako, chifukwa akadula zipi ithera pomwepo koma bondo la bulukulo likhalabe pa msongolo. Adalemba mizere iwiri pantchafu iliyonse. Pamenepo ndi pomwe adaphwasula, nachotsa nsalu yotalika ngati zala zinayi, nalumikizanso ndi misoko iwiri. Singano ziwiri zidathyoka. Yachitatu, ya nambala 18, ndiyo idapirira, ndipo zothyokazo adandiwerengera pamtengo. Nsalu yochotsedwayo sadataye. Adaiseta ngati kadayamondi nkuiika pakati pa miyendo, pomwe misoko inayi imakumana, kuti ndikatangadza njinga pasamathine. M'chiuno adabweza m'mbali mokha, kumbuyo adakusiya kokwera momwemo.

Nditatsika nkuimirira, ndidadandaula kuti zotetezera zija zatsikanso pang'ono, ndiponso kumatako kwachita thumba.

"Zisiyeni choncho," adatero akuluma ulusi. "Mukaima lizikunyozetsani. Mukakhala lizikukondani. Kodi inu mukufuna la ku ukwati?"

Amanena zoona. Ndikamayenda pansi ndimaoneka ngati bakha, ndipo mlamu wanga amati ndavala thewera. Koma bondo likangopindika, mphira uja amakwera nkukhala ndendende pachivundikiro cha bondo. Ulendo wa ku Nambuma, umene kale ndimafika ndikuyenda chotangadza, tsopano ndimafika nkuyamba kufunsa mafunso nthawi yomweyo.

Madala aja, pakati pa kusoka, adandikumbutsa kuti dziko lino lidayamba layezapo mabuluku ndi lamulo. Lamulo la kavalidwe la mu 1973 lidaletsa amayi kuvala buluku mpaka pomwe lidachotsedwa mu 1993, ndipo anyamata a belibotomu nawo adaona zakuda. Boma lidali ndi nthawi yoyang'ana m'lifupi mwa mwendo wa buluku. Lero lamulo limanena za chisoti kumutu, ndipo nzabwino, koma za bondo aliyense aone yekha.

Bondo ndi limene limayamba kufika pansi. Amene adapitako kukazonda wodwala ku St Gabriel's ku Namitete, kapena ku chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central, adaona anyamata ogona chagada, mwendo uli m'zitsulo. Buluku silingaletse fupa kuthyoka galimoto ikakuomba, zimenezo tisanamizane. Koma kugwa kwathu kwambiri nkwa pamchenga, kwa mbuzi yodumpha msewu, kwa matope a mu January, pomwe phula kapena miyala imasenda khungu ngati mbatata. Wa kabaza wosenda bondo amakhala sabata ziwiri osakwera, pomwe mwini njinga akudikira ndalama yake ya tsiku ndi tsiku.

Anyamatawo amaligwiragwira buluku langa pa siteji, nkufunsa mtengo, nkupukusa mitu. Awiri adapita kwa madala aja ndi majinzi awo akale. Adawaikira kadayamondi kaja pakati, ndipo m'mawondo adasokeramo zidutswa za tenti ya lole zokutira siponji. Nawonso adawayeza atakwera.

Chomwe chatsala ndi kutentha. Nsalu ya chisanu cha ku Ulaya ija ya mkati tidaichotsa kale, komabe mu October ndikaima pa rodibuloko thukuta limatsikira m'nsapato. Madala akuti andiboolere pantchafu nkuikapo zipi ziwiri zolowetsa mphepo, bola ndikagule ndekha zipizo ku Lilongwe, zachitsulo, chifukwa zapulasitiki fumbi la ku Kabudula silizisiya.