Chaka Chomwe Tinasankha Alonda

Gulu lathu la sosholizimu ku Ndirande ndi laling'ono, ndipo ambiri mwa ife timadalira maganyu. Komabe mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense anabwera ku msonkhano ndi nkhondo yakeyake. Anyamata a ku koleji ankafuna zionetsero zotsutsa ngongole ya IMF yomwe inavomerezedwa mwezi womwewo. Bambo wina wochokera ku Thyolo ankati gwero la umphawi ndi malo, poti minda ya tiyi inatenga nthaka yabwino kuyambira nthawi ya thangata. Ena ankafuna kalasi yowerenga Marx ndi mbiri ya Attati Mpakati, mtsogoleri wa chipani cha sosholizimu cha LESOMA amene anaphedwa ku Harare mu 1983.

Palibe amene ankanama. Poopa kukhumudwitsana, tinavomera zonse. Paja akulu amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: miyezi inatha tikulemba zikalata, osapambana kanthu, anthu n'kuyamba kujomba.

Amene anatidzutsa ndi mlonda wina wachikulire yemwe ankabwera ku misonkhano molunjika kuchokera ku ntchito ya usiku. Boma linali litalengeza kuti kuyambira Febuluwale 2024 malipiro otsikitsitsa akhale K90,000 pa mwezi. Iye anaimirira n'kunena kuti, "Achimwene, za IMF ndazimva. Nanga ndalama yalengezedwayi, ndani akawauze abwana anga?"

Kuyambira pamenepo tinasiya kufunsa kuti vuto lalikulu m'dziko muno ndi liti. Tinayamba kufunsa kuti ndi vuto liti lomwe anthu a m'dera lathu akulidandaula kale pa mjigo ndi pa siteji ya minibasi, lomwe lili ndi munthu woti tingamupeze pa khomo pake, komanso lomwe eni ake angatsogolere okha. Yankho linali alonda ndi antchito apakhomo, omwe m'mawa uliwonse amayenda pansi kupita ku Nyambadwe ndi ku Namiwawa. Tinaphunzira lamulo la Employment Act la 2000, tinalemba amene akulandira zochepera, ndipo tinayamba kuperekezana ku ofesi ya zantchito.

Kusankha kumapweteka, ndipo izi sindibisa. Bambo wa ku Thyolo uja anachoka, akuti tagulitsa nkhondo ya malo ndi ndalama za sopo. Ndimawalemekeza mpaka lero, ndipo nkhani yawo ndi yaikulu kuposa yathu. Kungoti ifeyo tinalibe ngakhale ndalama ya thiransipoti yokafikira kwa anthu a m'mbali mwa maesiteti, ndipo kulankhulira anthu omwe sukhala nawo ndi kuwanamiza.

Chowawa kwambiri chinabwera titayamba kupambana. Mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba anachotsedwa sabata yomweyo imene kalata yathu yodandaula za malipiro ake inafika kwa abwana ake. Lamulo linali mbali yake, koma mlandu wa ku khoti la zantchito suthera tsiku limodzi, pamene lendi ndi ufa sizidikira. Tinali titakonzekera kukangana ndi abwana, osakonzekera kudyetsa ana a mayiyo.

Lero timasonkha mwezi ndi mwezi ngati banki m'khonde. Kalata siichoka kupita kwa bwana aliyense mwini wake asanavomereze pamaso pa gulu, ndiponso m'thumba la gulu musanakwane malipiro ake a mwezi umodzi.