Ndani akutidyera bandulo?

Anzanga nonse amene mumabwereka foni ya kunyumba kuti mufufuze za sukulu, nkhaniyi ndi yanu. Tonse timadandaula kuti bandulo sichedwa kutha. Koma pali mlendo wina amene amadya nafe m'mbale imodzi osaitanidwa: malonda aja amene amangotulukira okha tikatsegula tsamba pa intaneti.

Tsamba likamatseguka, foni imakoka chilichonse chili pamenepo. Mawu a manotsi ndi opepuka kwambiri. Zolemera ndi zithunzi ndi mavidiyo, ndipo malonda ambiri amabwera m'njira imeneyi. Ndiye kuti vidiyo yotsatsa sopo ikayamba yokha, ma MB akuchoka kwa iwe. Zili ngati wogulitsa tomato wakwera nawe kabaza ndi dengu lake, pofika n'kunena kuti ulipire ndiwe.

Kwathu foni ya intaneti ndi imodzi, ya achemwali anga. Timakatchajitsa pa sola ku grosale, ndipo netiweki imagwira bwino ukaima pachulu kuseri kwa khola. Akandibwereka amandiwerengera mphindi. Ndiye taganizani, JCE ili pafupi, ukufuna chithunzi cha mtima wa munthu cha Biology, koma chikutsekereza ndi chikwangwani chonena kuti wawina foni yatsopano, kapena chokuitanira kubetcha mpira. Ka X kotsekera n'kakang'ono ngati nsabwe. Ukakaphonya pang'ono, wapita kale tsamba lina, ma MB akupita, batire ikutsika, achemwali akuitana.

N'chifukwa chake ndinasangalala kudziwa kuti mabrawuza ena ali ndi chotsekera malonda m'kati mwake. Brawuza ndi pulogalamu imene timatsegulira masamba, monga Chrome, Firefox ndi Opera Mini. Kale munthu ankayenera kuikamo yekha kapulogalamu kena kapadera, monga Adblock Plus, ndipo ambiri ankachita zimenezi pa kompyuta. Ndani wa ife akanadziwa? Koma mu 2016 kampani ya Opera ya ku Norway inaika chotsekeracho m'brawuza momwemo, kuphatikizapo Opera Mini ya mafoni a Android. Chaka chomwecho kunatuluka brawuza ina, Brave, imene imatseka malonda kungoyambira tsiku loyamba.

Chrome inabwera mochedwa, komanso mwaulemu kwambiri. Inayamba mu February 2018 ku Ulaya ndi ku North America, ndipo dziko lonse linafikiridwa mu July 2019. Siitseka malonda onse ayi. Imalimbana ndi masamba amene malonda ake anyanya, monga aja ophimba chimene ukuwerenga ndi mavidiyo ongoyamba okha ndi phokoso. Mu 2020 inawonjezera lamulo lochotsa malonda odya kupitirira 4 MB munthu asanawakhudze. Inu, 4 MB pa malonda amodzi! Kwa iwo mwina ndi nyenyeswa, kwa ine ndi manotsi a mutu wonse.

Ulemu wa Chrome sukundidabwitsa. Mwini wake ndi Google, ndipo ndalama zambiri za Google zimachokera ku malonda omwewo. Wogulitsa mumsika akapatsidwanso ntchito yolondera pageti, angathamangitse oledzera ndi aphokoso, koma msika sangautseke. Sindikuti akulakwa. Ndikungoti tizidziwa kuti mlondayo amalipidwa ndi ndani.

Mnzanga wina wa Fomu 3 ananditsutsa pobwerera kunyumba. Anati, "Aise, munthu amene analemba manotsi aulerewo azidya chiyani ukamutsekera malonda?" Funso lakelo ndi lolemera, sindikana. Masamba ambiri aulere amayendera ndalama za otsatsa, ngati mmene wailesi zimachitira. Tonse tikatseka, ena adzayamba kulipiritsa, ndipo oyamba kutsalira panja ndi ife a kumudzi. Komabe pa wailesi malonda akadutsa sindichotsedwa mayunitsi. Ine malonda a mawu ochepa ndi kachithunzi pambali ndilibe nawo mlandu, akhale. Amene ndikukana ndi ondilanda zimene amayi apeza atagulitsa zitumbuwa. Mwamwayi mabrawuza ngati Brave amalola kuti utsegulire malonda pa tsamba limene ukulikonda, kwina konse n'kutseka.

Musayembekezere zodabwitsa. Chotsekerachi chimagwira ntchito m'brawuza mokha. Mukalowa mu app ya Facebook kapena ya YouTube, malonda mudzawapeza akukudikirani. Masamba enanso amakana kutseguka mpaka mutachizimitsa.

Amene muli ndi Opera Mini, lowani pa Settings, mupeze pamene alemba Ad blocking, muyatse. Koma pemphani kaye mwini foni, musandipezetse mlandu. Onani balansi musanayambe, werengani masamba anu a masiku onse, muonenso pomaliza. Lolemba pa buleki tikumane pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi manambala ake, tiyerekeze.