Ntchito ya Wosamalira Labotale ya Kemisitiri ku Sekondale

Wosamalira labotale ndi munthu amene amakonza zida, madzi ndi makemikolo oti ophunzira a ku sekondale agwiritse ntchito pophunzira kemisitiri ndi manja awo. Pasukulu zina pamakhala munthu wolembedwera ntchito imeneyi. Pasukulu zambiri, makamaka za CDSS, ntchitoyi imagwera mphunzitsi wa sayansi yemweyo, ndipo amaigwira ana ataweruka. Luso lake lonse lagona pa chinthu chimodzi: zolembedwa pabotolo zikhale zomwe zilidi m'katimo. Mwana akapeza nambala yolakwika papulakitikolo, si nthawi zonse pamene cholakwa chimakhala chake. Mwina chidachitika dzulo lake m'chipinda chokonzera, iye kulibe.

Kusunga makemikolo

Makemikolo saikidwa pashelefu potsata zilembo za mayina awo, koma potsata khalidwe lawo. Asidi amakhala kwayekha, alikali kwayekhanso, ndipo mabotolo akuluakulu a asidi wamphamvu amaikidwa pansi kuti wowatenga asawadutsitse pamwamba pa nkhope yake. Zoyaka msanga monga ethanol ndi sipiriti siziyandikana ndi potassium permanganate. Sodium amakhala womizidwa m'mafuta a parafini chifukwa akangokhudza madzi amatulutsa gasi wa hydrogen ndi kutentha kokwanira kuyatsa moto. Silver nitrate amasungidwa m'botolo lofiirira popeza kuwala kumamudetsa. Timibulu ta sodium hydroxide timayamwa chinyezi cha mumpweya, kotero chitini chikasiyidwa chotsekula m'nyengo ya dzinja, mawa lake mumapezeka phala.

Botolo lililonse limalembedwa dzina, mphamvu yake ndi tsiku lomwe lidadzazidwa. Ufa woyera m'labu ndi wambiri, ndipo ndi maso onse amafanana ndi mchere wa ndiwo. Botolo lomwe lataya pepala lake salilawa kapena kuliyerekeza; amalichotsa pashelefu.

Magalasi ndi madzi

Galasi loyera limadziwika ndi mmene madzi amatsetserekera m'kati mwake. Akatsika mosalala osasiya timadontho, layera. Timadontho tikakakamira m'mbali, mwatsala mafuta, ndipo burette yotere imanama. Kutsuka kumayamba ndi sopo ndi burashi, kenaka madzi a pampopi, pomaliza madzi otcheza, omwe ophunzira amawadziwa kuti distilled water.

Madzi a pamjigo ndi abwino kumwa koma si abwino kupangira makemikolo. Amakhala ndi calcium, magnesium ndi chloride zochokera m'miyala. Dontho la silver nitrate likagwera m'madzi otere, amachita mbuu, ndipo mwana amalemba kuti wapeza chloride m'chinthu chomwe mulibe. Komwe kulibe makina otchezera madzi, madzi a mvula amathandiza pa ntchito zina, bola atungidwe m'beseni loyera loikidwa pabwalo, osati otsika padenga la malata, komanso mvula zoyamba zotsuka fumbi zitadutsa.

Kuyeza ndi kupanga solushoni

Solushoni ndi madzi omwe mwasungunulidwa chinthu, ndipo mphamvu yake imawerengedwa ndi mole. Mole imodzi ndi tizidutswa 6.02 × 10²³, nambala yotchedwa dzina la Avogadro. Tizidutswa timeneti sitiwerengeka ndi maso, choncho sikelo ndiyo imawerenga. Mole imodzi ya sodium hydroxide imalemera magalamu 40, kuchokera ku 23 ya sodium, 16 ya oxygen ndi 1 ya hydrogen. Wofuna solushoni ya 0.1 M amayeza magalamu 4 n'kuwasungunula kuti zonse pamodzi zikwane lita imodzi.

Apa ndi pomwe ongoyamba kumene amaphonya. Sathira lita yonse ya madzi pa ufa. Ufa umasungunulidwa kaye m'madzi ochepa mu beaker, n'kukhuthulira mu volumetric flask. Beaker ija imatsukuluzidwa katatu, ndipo zotsukuluzazo zimapita mufulasiki momwemo. Madzi amaonjezedwa mpaka pafupi ndi mzere wa pakhosi, ndipo otsala amathiridwa dontho limodzilimodzi. Akatseka amaitembenuza chadodolido kangapo, apo ayi zapansi zimakhala zamphamvu kuposa zapamwamba.

Hydrochloric acid wogula amakhala wa pafupifupi 36 peresenti, ndiye kuti pafupifupi 12 M. Pang'ono chabe, pakati pa 8 ndi 9 cm³, amakwanira kupanga lita ya 0.1 M. Lamulo losasintha ndi lakuti asidi ndiye amathiridwa m'madzi, pang'onopang'ono uku akutakasa. Madzi akathiridwa pa sulphuric acid wa 98 peresenti, amawira pomwepo n'kuthovukira kumaso.

Ngakhale zitayezedwa mosamala, solushoni ziwirizi sizikhala ndendende 0.1 M. Sodium hydroxide amalemera ndi chinyezi ali pasikelo pomwepo, ndipo asidi amauluka botolo likamatsekulidwa. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amayesa asidi wake ndi sodium carbonate wouma, yemwe mole yake ndi magalamu 106. Magalamu 1.325 mu 250 cm³ amapanga 0.05 M, ndipo 25 cm³ ya solushoni imeneyi imayenera kufanana mphamvu ndi 25 cm³ ya asidi wa 0.1 M, popeza mole imodzi ya carbonate imadya mamole awiri a asidi. Asidi akadziwika mphamvu yake yeniyeni, iyenso amayesera sodium hydroxide.

Moto

Choyatsira moto cha m'labu chimatchedwa dzina la Robert Bunsen, yemwe adachikonza ku Heidelberg mothandizana ndi mmisiri Peter Desaga cha m'ma 1855. M'munsi mwake muli kabowo ka mpweya. Kakatsekedwa, lawi limakhala lachikasu, la mwaye ndiponso losatentha kwambiri. Kakatsekulidwa, lawi limasanduka labuluu, ndipo potentha koposa ndi pansonga pa kalawi ka m'kati. Poyatsa, kabowo kamakhala kotseka ndipo machesi amayatsidwa gasi asanatsekulidwe. Sukulu zopanda gasi zimagwiritsa ntchito kanyali ka sipiriti, komwe sikathiridwa mafuta kakuyaka ndipo kamazimitsidwa povundikira, osati pouzira.

Test tube yotenthedwa imapendekeka, kukamwa kwake kutaloza komwe kulibe munthu. Ethanol satenthedwa pamoto mwachindunji. Chubu chake chimaviikidwa m'madzi otentha. Galasi lotentha limaoneka chimodzimodzi ndi lozizira, ndipo zala zambiri za ana a fomu 1 zimapsa pa chifukwa chokhachi.

Kulekanitsa zosakanizika

Mapulakitikolo oyamba amakhala olekanitsa zinthu. Mchere wosakanizika ndi mchenga amauthira madzi, mchere usungunuke, kenaka amasefa papepala losefera lopindidwa kanayi m'fanelo. Madzi odutsawo amawiritsidwa m'kambale mpaka atatsala ochepa, ndipo otsalawo amasiyidwa aume okha kuti mchere usathetheke. Mwana wokulira kumudzi adaziona kale izi pocheza chidulo: phulusa limatsala m'chiwiya choboola pansi, madzi a chidulo n'kudontha. Adaonanso kutcheza kachasu, komwe kumatheka chifukwa ethanol amawira pa 78 °C pomwe madzi amawira pa 100 °C m'mbali mwa nyanja ya mchere. Kumalo okwera monga ku Dedza madzi amawira asanafike pa 100 °C, kotero mwana wowerenga pafupifupi 95 pa thermometer yake asauzidwe kuti walakwitsa. Potcheza m'labu, madzi ozizira amalowera kumunsi kwa condenser n'kutulukira kumtunda kuti chubu chonse chidzaze.

Polekanitsa mitundu ya inki papepala, mzere woyambira umalembedwa ndi pensulo, chifukwa inki ya cholembera nayonso ingayende. Pepalalo likaviikidwa m'madzi, kadontho ka inki kamatsala kumtunda, osakhudza madziwo. Kakamira, mitundu yonse imasungunukira mu beaker.

Asidi ndi alikali

Muyeso wa pH adauyambitsa ndi Søren Sørensen mu 1909 ku Copenhagen. Pa 7 ndi pakati, kutsika m'munsi ndi asidi, kukwera ndi alikali. Mandimu, bwemba ndi viniga ndi asidi. Chidulo, soda ndi sopo ndi alikali. Pepala la litmus limafiira mu asidi n'kukhala labuluu mu alikali. Likatha, wosamalira labu amaviika maluwa ofiira a chidede m'madzi otentha n'kusefa. Madzi ake amafiira kwambiri mu asidi ndipo amabiriwira mu chidulo. Sakhalitsa, choncho amakonzedwa tsiku lomwelo kapena dzulo lake.

Titration

Pulakitikolo imeneyi ndiyo imasonkhanitsa maluso onse. Cholinga chake ndi kupeza mphamvu ya solushoni yosadziwika poifananitsa ndi yodziwika. Burette ya 50 cm³ imatsukuluzidwa ndi asidi yemwe alowemo, pipette ya 25 cm³ ndi alikali yemwe itenge. Koma conical flask imatsukuluzidwa ndi madzi otcheza okha. Chifukwa chake n'chakuti madzi otsalira mu burette amachepetsa mphamvu ya asidi, pomwe madzi otsalira mufulasiki sasintha kuchuluka kwa mamole omwe pipette yathiramo.

Pipette siyamwidwa ndi pakamwa. Pali kampira kake kokokera. Kadontho kotsalira kunsonga sikauziridwa, popeza opanga adakawerengera kale. Burette ikadzazidwa, fanelo imachotsedwa, ndipo mpopi umatsekulidwa pang'ono kuti mpweya wobisala kunsonga utuluke. Pamwamba pa madzi m'chubu pamakhala popindika ngati mwezi wokhala kumene, ndipo muyeso umawerengedwa pansi pa kupindikako, diso lili pa msinkhu womwewo. Manambala a burette amakula potsika, zomwe zimasokoneza ana ozolowera measuring cylinder.

Madontho awiri kapena atatu a phenolphthalein amasandutsa alikali kukhala wa pinki. Dzanja lamanzere limagwira mpopi, lamanja likuzunguza fulasiki pamwamba pa pepala loyera. Poyamba asidi amathiridwa mofulumira kuti pongoyerekeza padziwike pomwe mtundu usinthire. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu, akayandikira pamenepo, amathira dontho limodzilimodzi mpaka pinki atazimirira. Dontho limodzi ndi pafupifupi 0.05 cm³, ndipo ndi lokwanira kusintha mtundu wonse. Zotsatira ziwiri zosiyana mosapitirira 0.1 cm³ ndizo zimatengedwa. Pa sodium carbonate amagwiritsa ntchito methyl orange, yemwe amachoka pa chikasu kupita ku olenji.

Masamu ake ndi achidule. Ngati 25.0 cm³ ya sodium hydroxide wa 0.100 M yatha mphamvu ndi 24.0 cm³ ya hydrochloric acid, mamole a alikali ndi 0.0025. Awiriwa amakumana mmodzi kwa mmodzi, kotero a asidi nawonso ndi 0.0025. Kugawa 0.0025 ndi malita 0.024 kumapereka 0.104 M.

Kuzindikira magasi ndi zitsulo

Hydrogen amaphulika ndi kaphokoso kakang'ono kamtengo koyaka kakaikidwa pakamwa pa chubu. Oxygen amayatsanso kamtengo kotsala khala lokha. Carbon dioxide amayeretsa madzi a laimu ngati mkaka, ndipo madzi amenewa amayenera kukhala osefedwa chatsopano, popeza akakhalitsa amatha mphamvu ndi mpweya wa m'chipinda. Gasi samununkhiza mphuno ili pachubu. Amamukupizira ndi dzanja chapatali.

Sodium hydroxide akadonthezedwa m'solushoni ya copper, pamatuluka matope abuluu. Iron(II) amapereka obiriwira, iron(III) ofiira ngati dzimbiri. Zinc, aluminium ndi lead amapereka oyera, omwe amasungunukanso alikali akachuluka. Pachifukwa ichi ophunzira amaphunzitsidwa kuyamba ndi madontho ochepa, kulemba zomwe aona, kenaka kuonjezera. Wothira zambiri nthawi imodzi saona kanthu, ndipo amalemba kuti palibe chachitika. Solushoni ya iron(II) imakonzedwa mmawa womwewo chifukwa mpweya umaisandutsa iron(III).

Masiku a mayeso

Mayeso a MSCE, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, ali ndi gawo la pulakitikolo. Pokonzekera, solushoni iliyonse imapangidwa m'chigubu chimodzi chachikulu, yokwanira olemba onse ndi yapadera, kuti woyamba ndi womaliza alandire yamphamvu yofanana. Ikatha pakati n'kupangidwa ina, manambala a ana amasiyana popanda kulakwa kwawo. Mpopi wa burette iliyonse umayesedwa ngati sukudontha, ndipo wokonzayo amachita yekha pulakitikolo yonse ndi zida zomwezo ana asanalowe.

Ngozi, kutaya ndi kaundula

Asidi kapena alikali akagwera pakhungu, mankhwala ake oyamba ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi zosachepera 15. Akalowa m'diso, amatsuka chimodzimodzi n'kuthamangira kuchipatala, ndipo alikali m'diso ndi woopsa kuposa mmene ambiri amaganizira. Asidi wotayikira pabenchi amamuwaza soda mpaka thovu litaleka, kenaka amapukuta. Ndowa ya madzi ndi ya mchenga zimakhala pafupi ndi khomo, makamaka komwe mpopi umauma.

Zotsala za asidi ndi alikali wofooka zimaphatikizidwa kuti zithetsane mphamvu, n'kuthiridwa m'sinki ndi madzi ambiri. Za lead, silver ndi copper sizipita m'sinki. Zimasonkhanitsidwa m'botolo lolembedwa. Magalasi osweka ali ndi katoni yawoyawo kuti osesa asachekedwe. Burette zotsukidwa zimaimikidwa chozondoka, mipopi ili yotsekula, chifukwa alikali wotsalira amaumitsa mpopi wagalasi mpaka osatembenukanso. Pomaliza, chilichonse chomwe chagwiritsidwa ntchito, chasweka kapena chatsala pang'ono chimalembedwa m'kaundula, ndipo m'menemo ndi momwe mumachokera mndandanda wa zogula za teremu yotsatira.